Mano a Zahur, Woliza Lipenga

Anthu a kuno ku Bareilly, ku India, amati Zahur anagwa ndi nthenda ya kumtundu, popeza bambo akenso ankadwala kuthamanga kwa magazi. Ena amati ndi Mulungu anafuna. Ine ndikamva zimenezo malovu amandiwawa m'kamwa. Ndinayenda naye pamzere umodzi zaka zoposa makumi awiri, iye ndi lipenga, ine ndi ng'oma, ndipo chimene chinamudya ndinachiona chikumudya. Chinayambira m'thumba, chinakwera m'mutu, n'kutsikira m'mano, kenako chinalanda thupi lonse.

Ine ndine Sewaram. Ntchito yathu ndi yoperekeza akwati. Mkwati akakwera hatchi kupita kwawo kwa mkwatibwi, abale ake amavina patsogolo pake mumsewu, ndipo ife a bandi timayenda nawo tikuimba, titavala majekete ofiira a mabatani onyezimira. Majeketewo si athu, zipewa si zathu, zoimbiranso si zathu. Zonse ndi za Seth Kalicharan, mwini bandi (kuno bwana wachuma timamutchula kuti Seth), munthu wa mphete chala chilichonse, amene chibadwire sanagwirepo ndodo ya ng'oma.

Zahur anabadwira m'kanjira ka amisiri a zitini, kuseri kwa msika wa nsalu. Bambo ake ankawotcherera ndowa ndi maketulo, ndipo nthawi zina a bandi ankawabweretsera malipenga obooka kuti awamate. Mkuluyo akapita kumzikiti, mwana ankatenga lipenga la eni ake n'kumaliyesa kuseri kwa chitseko. Pamene ndevu zinkamera n'kuti akuimba kale m'maukwati, ndipo pamene ine ndinkalowa bandi, anthu ankamutchula kuti Ustadi, dzina limene timapatsa katswiri.

Anali wamfupi, wa khosi lonenepa, wosakonda zolankhulalankhula. Mano ake anali oyera mbee, ndipo ankawasamala kuposa mmene ena amasamalira akazi awo. M'mawa uliwonse ankawatsuka ndi kamtengo ka nimu mpaka dzuwa kufika pakhonde. Fodya wotafuna amene tonse timadya, iye sankamulawa. Tikamuseka ankangoti, "Iwe Sewa, ng'oma yako ikang'ambika Seth agula chikopa china. Lipenga langali limatsamira pa mano awa. Akagwa, ana anga adya mphepo?"

Akaliza lipenga, ngakhale hatchi ya mkwati inkaimika makutu. Azakhali onenepa amene analumbira kuti savina ankataya nsapato n'kulowa m'bwalo. Anthu ankabwera pasitolo ya Seth n'kunena kuti, "Mutitumizire gulu limene kuli Zahur, apo ayi tipita kwina."

Musaganize kuti ndikukamba za masiku a mkaka ndi uchi. Ndalama sizinakhalepo zambiri. Maukwati kuno ali ndi nyengo yake, miyezi yozizira ndi pang'ono mvula isanagwe. Miyezi yotsalayo aliyense ankaona zake, ine ndinkakankha ngolo ya nthochi, iye ankapaka nyumba za anthu laimu. Koma tinkadya. Zahur anakwatira Tabassum, mwana wa telala, mkazi wa pakamwa pakuthwa ngati sizasi ya bambo ake, ndipo anabereka ana atatu. Woyamba, Nuzhat, anali wanzeru kusukulu moti aphunzitsi ankachita kubwera kunyumba kudzamuyamikira. Padenga la nyumba yawo ya lendi Zahur ankaweta nkhunda. Madzulo ankakwera pamenepo, n'kumaziulutsa akuziimbira mluzu.

Kenako kunabwera ngolo za masipika. Chingolo chimodzi, mnyamata mmodzi wongodina batani, ndipo msewu wonse ukunjenjemera mpaka magalasi a mawindo. Achinyamata anazikonda. Seth anagula yake, n'kuchotsa theka la gulu lathu tsiku limodzi. Otsalafe anatiuza kuti malipiro atsika, ndipo azituluka nyengo ikatha, osati ukwati ukatha monga kale. Pakati apa azingotipatsa ya tiyi ndi ya ufa. Amene sakufuna, khomo ndi ilo.

Chaka chomwecho ufa wa tirigu unakwera, gasi wophikira anakwera, mwini nyumba wa Zahur anakweza lendi. Palibe chinachitika chachikulu choti munthu n'kuloza kuti tsoka linayambira apa. Kunalibe moto, kunalibe mbava. Kungoti mwezi uliwonse unkatalika kuposa ndalama, ndipo wotsatira wake unkayamba ndi dzenje la mnzake.

Ndinayamba kuona kusintha m'lole. Popita ku maukwati akutali tinkakhala kumbuyo kwa lole tikusewera makhadi, ndipo Zahur ndiye ankabera kwambiri, nkhope ili phee ngati munthu wopemphera. Anasiya kusewera. Ankakhala pangodya, maso ali pamsewu, milomo ikugwedera yokha. Ndinkaganiza kuti akupemphera, koma nditayandikira ndinamva kuti akutchula mitengo ya zinthu. Anayamba kuyenda ndi kapepala ka soda m'thumba, kuthira m'madzi n'kumwa chifukwa cha chilungulira. Jekete imene kale inkamuthina pamimba inayamba kulendewera ngati yobwereka kwa mkulu wake.

Tsiku lina Tabassum anandipeza pa ngolo yanga ya nthochi. Sanagule kanthu.

"Sewa bhai, achimwene, mnzanu uja akundiopsa."

"Watani, alamu?"

"Akagona amakukuta mano ngati chigayo. Ana athawira kukagona kwa agogo awo. Akadzuka nsagwada zatupa, kutafuna chapati akulephera."

"Mwamufunsa?"

"Ndimufunse kangati? Ndikati bambo a Nuzhat, chavuta n'chiyani, amati palibe. Palibe ameneyu ndiye wakhala mkazi mnzanga. Akudya naye, akugona naye."

Ndinachita kumukoka kuti tipite kwa dokotala. Tinakhala pamzere m'mawa wonse. Dokotalayo anali wachinyamata, wotopa, ndipo sindimuda, ananena zimene anaphunzira. Anamumanga chopimira pamkono, anayang'ana, n'kupimanso kachiwiri.

"Bambo, magazi anu akuthamanga koopsa. Mano awanso mukuwatha nokha. Mukuganiza chiyani kwambiri?"

Zahur anangomwetulira.

"Muchepetse nkhawa. Muzigona mokwanira, muzidya zipatso, muzimwa mkaka. M'mawa muziyendako pang'ono."

"Kuyenda kokha ndiye timayenda, adokotala," anatero Zahur.

Titatuluka anaima pamsewu n'kundiyang'ana. "Wamva, Sewa? Ndichepetse nkhawa. Kodi chochepetseracho amagulitsa sitolo iti? Amalola ngongole?"

Ndinaseka. Kuuza munthu woti mwini nyumba akumudikira pakhomo kuti achepetse nkhawa kuli ngati kuuza womira m'chitsime kuti asanyowe. Dokotala uja anamulembera mapiritsi a magazi ndi kachipangizo kapulasitiki kovala m'kamwa pogona kuti mano asamakhulane. Kachipangizoko mtengo wake unali wa maukwati angapo, ndiye sanakafunsenso. Mapiritsi anagula a mwezi umodzi. Mwezi wotsatira ankawadula pakati ndi lumo. Itafika nthawi yolipirira mayeso a Nuzhat, anasiyiratu.

Dzino linasweka m'mawa wina tikumwa tiyi pasiteshoni ya basi. Analuma bisiketi wouma, ndinangomva kuti the. Analavulira m'manja, n'kukhala akuyang'ana kachidutswako nthawi yaitali. Linali lakutsogolo, lapamwamba, penipeni pamene lipenga limatsamira.

Dokotala weniweni wa mano anatchula mtengo woti Zahur anangothokoza n'kutuluka. Anapita kwa mkulu wina amene amayala mano pansalu kunja kwa siteshoni ya sitima, pakati pa wometa ndi wogulitsa maloko. Ameneyo anazula chotsalira chija ndi pulayala, anazulanso loyandikana nalo poti nalonso linali litang'aluka, n'kumata awiri abodza ndi phala lake lofiirira. Patangopita masiku ochepa nkhama zinatupa n'kuyamba kutuluka mafinya. Zahur ankaimbabe, misozi ikutuluka yokha. Koma mpweya unkathawira m'mbali. Nyimbo ikafika pokwera, lipenga linkangosweka mawu.

Seth anatiitana pasitolo pake. Anali atakhala pamtsamiro, chokupizira mphepo chikumuuzira iye yekha.

"Ustadi, anthu akudandaula. Akuti lipenga lako likulira ngati bulu wachimfine."

"Ndi manowa, Seth ji. Mukanandipatsako ndalama zanga za nyengo ino, ndikanapita kwa dokotala weniweni. Mwezi umodzi ndikhala bwino."

"Za nyengo zimatuluka nyengo ikatha. Ndikakupatsa iwe, mawa onse abwera ndi mano awo m'manja." Anatembenuza mphete imodzi pachala. "Koma sindikuchotsa. Bambo anga ankakukonda, ndipo ine ndine munthu wachifundo. Uzingoligwira."

Amene sali m'ntchito yathu sangadziwe kuti mawu amenewo ndi chitonzo chotani. Eni ukwati amalipira powerenga mitu, ndiye bandi iliyonse imakhala ndi anthu ongodzaza mzere. Amatola aliyense pamsewu, wopalasa njinga kapena wonyamula katundu, kumuveka jekete, kumupatsa lipenga lakufa, iye n'kumatukumula masaya. Malipiro ake ndi theka.

"Seth ji," ndinatero ine, "nsanjika yachiwiri ya nyumba yanu ija anamanga ndi mlomo wa munthu uyu."

Sanandiyang'ane n'komwe. "Sewaram, ng'oma imaombedwa ndi aliyense wa manja awiri. Uzikumbukira zimenezo."

Zahur anandigwira mkono kuti ndikhale chete. Anagwada pang'ono n'kuti, "Zikomo, Seth ji." Anathokoza. Mpaka lero ndikakumbukira zikomo ameneyo ndimafuna kuphwanya chinthu.

Kuyambira pamenepo anali kuyenda kumapeto kwa mzere, pakati pa anyamata osadziwa ngakhale mbali yogwira lipenga, akutukumula masaya opanda mawu. Zala zake zinkadinabe mabatani molondola, nyimbo yonse, poti zinazolowera. Ine ndinasiya kucheuka.

Kunyumba zinthu zinaipa. Nkhunda anagulitsa zonse kwa wogulitsa mbalame wa pamsika wa Lachinayi, ndipo padenga sanakwerenso. Pamalo a tiyi anasiya kubwera, poti kumeneko lero amagula uyu, mawa uyo, ndipo tsiku lake likafika analibe chogulira. Njinga yamoto ikaima m'kanjira kawo, ankadzidzimuka n'kulowa kuseri kwa nsalu yotchinga, kuganiza kuti ndi mwini nyumba. Anayamba kuiwala. Tsiku lina anafika pa ukwati wolakwika, n'kuima ndi bandi ya eni ake mpaka anachita kumuthamangitsa.

Tabassum anayamba kulandira nsalu za akwatibwi kuti azisokapo maluwa a ulusi wonyezimira. Ankakhala chowerama pa thabwa lake losokerapo kuyambira m'bandakucha mpaka maso kufiira, ndipo amalonda ankamulipira ngati akumuchitira chifundo.

Tsiku lina ndinapita kukamutenga Zahur kuti tipite ku ukwati, ndinapeza m'nyumba muli zii. Nuzhat anali pangodya, tsaya litatupa. Mwana ameneyo bambo ake anali asanamukwezerepo mawu chibadwire.

"Botolo la mafuta ophikira lamupulumuka," anatero Tabassum osadzutsa mutu pa nsalu. "Mafuta a sabata yonse. Amumenya."

"Ali kuti?"

"Adzitsekera kubafa. Akulira. Pitani mukawatulutse, ine ndikalankhula ndiwapha ndi pakamwa."

Ndinagogoda. Patapita nthawi anatsegula. Anandiyang'ana ngati munthu wochokera kutali.

"Sewa, ndamenya mwana chifukwa cha mafuta."

"Tiye, tichedwa."

"Dzanja linangopita lokha. M'mutu muno muli phokoso ngati msika, silikutha ngakhale ndikagona. Kodi ndikupenga?"

"Sukupenga. Wasauka basi," ndinatero.

Ukwati umene unamumaliza unali wa mwana wa wogulitsa golide, chakumapeto kwa nyengo yozizira. Dzuwa linali lisanalowe pamene mdipiti unanyamuka. Pa maukwati a olemera ndalama zimauluka. Abale amazunguliza mapepala a ndalama pamutu pa mkwati n'kuwaponya m'mwamba, ndipo amagwa pamapewa athu, pa ng'oma, pansi pa nsapato. Ife sitiloledwa kutola. Mlamu wake wa Seth, dzina lake Banwari, amayenda pakati pathu ndi chikwama, kutola zonse. Tangoganizani munthu amene wasiya mapiritsi posowa ndalama, akuponda ndalama msewu wonse.

Tili pakati pa ulendo, malume ake a mkwati, bambo wamimba yaikulu amene anali atamwa kale, anaima patsogolo pa Zahur n'kumuloza.

"Uyu si Ustadi Zahur uyu? Anaimba pa ukwati wanga ameneyu. Mkazi wanga mpaka lero amamukamba. Tazimitsani chiphokoso chanucho."

Masipika anazima. Mdipiti wonse unaima, magalimoto kumbuyo akuliza mahutala. Malume aja anatulutsa mpukutu wa mapepala n'kuukweza m'mwamba.

"Undiimbire ija unaimba tsiku lija, wekha. Izi ndi zako, osati za abwana ako."

Banwari anayesa kulowererapo. "Bwana, Ustadi lero sakupeza bwino, koma tili ndi mnyamata wina amene..."

"Ndalankhula ndi iwe? Choka apa."

Ndinamuona Zahur akuyang'ana mpukutu uja. Ndinadziwa zimene ankaona. Lendi inali pamenepo, mwina ndi mano omwe. Ndinamupukusira mutu, koma sanandione. Analanda lipenga labwino kwa mnyamata wa pambali pake, anapukuta pakamwa pake ndi mkono wa jekete, n'kuliika pamlomo.

Poyamba zinatheka. Mulungu ndi mboni, mawu anatuluka oyera ngati kale, ndipo msewu unakhala chete mpaka a mahutala omwe. Mayi wina pakhonde la nsanjika anasiya kuanula zovala. Kenako nyimbo inafika pokwera. Anakanikiza, mitsempha ya pakhosi inatupa, ndipo mano abodza aja anaguluka. Lipenga linangoti fwii, ngati tayala likuphwa. Magazi anatsika pachibwano mpaka pa jekete.

Munthu mmodzi anaseka, kenako onse. Achinyamata anakweza mafoni awo n'kumajambula. Malume aja nkhope inasintha.

"Ndiye kuti ulendo wonsewu umangonamizira? Tikulipira anthu ongonyamula zitsulo?" Anayamba kuyenda pamzere akuloza mmodzimmodzi. "Iwe taimba. Iwenso taimba." Anyamata ongogwira aja anangoweramitsa mitu. Malume aja anabwerera kwa Zahur, anasolola pepala limodzi pa mpukutu uja n'kulitaya pansi. "Tenga, ukagule mano."

Zahur anawerama, koma sankafuna pepalalo. Ankafufuza mano ake pakati pa miyendo ya anthu. Masipika anayakanso, anthu anayambiranso kuvina, iye ali chokwawa pansi. Banwari anaponda pepala lija n'kulitola, kuliika m'chikwama.

Ndinataya ng'oma pansi. Ndinamugwira Banwari pakhosi pa malaya.

"Bweza."

"Wapenga? Zonse za pansi ndi za Seth."

"Bweza, galu iwe, apo ayi ndikudyetsa chikwama chakocho."

Anabweza. Ndinaika pepalalo m'thumba la Zahur, ndinamudzutsa, n'kumutulutsa mumdipitimo. Dzino limodzi analipeza, linalo ayi. Njira yonse yobwerera anangoti nsalu pakamwa.

Eni ukwati anakana kulipira ndalama zonse, akuti anapusitsidwa. Kunena zoona anapusitsidwadi, koma wowapusitsa sanali Zahur. Kanema uja anazungulira m'mafoni a tauni yonse, ana a m'kanjira kawo ankati akamuona, amatukumula masaya n'kumachita fwii. Anasiya kutuluka m'nyumba, kupatula popita kuntchito.

Nyengo itatha tinapita tonse kukalandira zathu. Ine Seth anandidula malipiro chifukwa chogwira mlamu wake. Itafika nthawi ya Zahur, Seth anatambasula manja opanda kanthu.

"Ustadi, zimene anakana kulipira a golide aja ndachotsa kwa iwe, poti unayambitsa ndiwe. Ndani anakuuza kuti uimbe? Jekete unaithimbiriritsa ndi magazi, nayonso ndachotsa. Kuphatikiza za tiyi ndi za ufa zimene wakhala ukutenga, sipatsala kanthu. Kunena mwachilungamo ndiwe woyenera kundiwonjezera, koma ndakukhululukira."

Ndinayembekeza kuti akuwa, kapena kuti agubuduza tebulo. Miyezi yonse ija ankadzuka ndi kugona akuyembekezera tsiku limeneli. Analonjeza mwini nyumba tsiku limeneli, wa golosale tsiku limeneli, analonjezanso Nuzhat mabuku tsiku limeneli. Anangoima, nsagwada zikugwedera, diso limodzi likuphethira lokha. Kenako anatembenuka n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikumutukwana Seth zonse zimene ndinasunga zaka makumi awiri, mpaka antchito ake anandiponya kunja. Pamene ndinkafika pamsewu, Zahur anali atapita.

Anafika kunyumba dzuwa lili paliwombo. Tabassum akuti anamuyang'ana kumaso n'kudziwa, sanafunse. Zahur anakhala pakhomo kuti avule nsapato. Anamasula chingwe cha imodzi, n'kupendekera kumbali pang'onopang'ono ngati thumba la ufa, mpaka mutu kugunda pansi.

Kuchipatala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Namwino anafunsa ngati ankamwa mapiritsi ake. Tabassum anayankha kuti, "Ankamwa mayeso a mwana wake." Namwinoyo sanamve, anangolemba zake.

Sanafe. Anatuluka mbali yonse ya kumanja itafa, mkono uli lende, mwendo wokoka, pakamwa patapotokera kumodzi. Banja lonse linasamukira m'chipinda chimodzi kwa mchimwene wake wa Tabassum. Nuzhat, amene anakhoza mayeso aja kuposa atsikana onse a m'kalasi mwake, anasiya sukulu n'kukhala pa thabwa la nsalu moyang'anizana ndi mayi ake.

Patapita sabata Seth anatuma Banwari ndi bokosi la maswiti a mkaka, lomangidwa ndi riboni. Ine ndinalipo. Banwari anapereka mafuno abwino a abwana ake, anakhosomola, n'kunena kuti pali chipewa ndi lamba za bandi zimene zinatsalira kuno.

Tabassum analowa, anatenga chipewa ndi lamba, n'kuziponya mu ngalande ya madzi oipa ya pakhomo. Kenako anamubwezera bokosi lija pachifuwa.

"Munthu alibe mano, mukumutumizira maswiti? Kawapatseni abwana anu adye okha, mano awo akadalipo. Zanuzo tolani, si kutola ndiye ntchito yanu?"

Banwari anapinda mkono wa malaya n'kutola, anthu a m'kanjira akuonerera.

Ine ndinalowa bandi ina ya kutsidya kwa njanji. Mwini wake ndi Seth wina wa mphete zina, malamulo ndi omwewo. Kumapeto kwa mzere wathu kulinso mkulu wina wongogwira lipenga, amene kale ankaimba. Sindinamufunse kuti anatani.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri si Seth yekha. Seth ndi Seth, njoka siyisintha mano. Ndi anthu abwino amene amabwera kudzazonda, kukhala pamphasa, kumwa tiyi wa Tabassum, n'kumati, "Ustadi ankaganiza kwambiri. Munthu usamaike zinthu kumtima." Ngati kuganizako anachita kukusankha pamsika. Ngati akanangoseka pang'ono, lendi ikanadzilipira yokha. Mmodzi mwa iwo, amene ali ndi masitolo awiri, anafika pouza Tabassum kuti ndalama sizigula moyo. Tabassum anamufunsa mtengo wa mapiritsi a magazi, ndipo sanaudziwe.

Mawu a Zahur anapita pafupifupi onse. Dzina la mkazi wake satha kulitchula, madzi amachita kuloza. Koma chodabwitsa n'chakuti zotukwana zinatsala, ndipo zimatuluka zomveka bwino, zosapotoka ngakhale pang'ono. Dokotala akuti zimachitika, akuti zimakhala mbali ina ya mutu.

Lachisanu lililonse ndimapita kukamumeta ndevu. Tsiku lina ndili pakati pomumeta, kunabwera a shehe a mzikiti wa m'kanjirako, munthu wachikulire wofatsa. Anakhala pafupi ndi bedi, anamugwira dzanja lamoyo lija, n'kuyamba kumulangiza.

"Mwana wanga Zahur, pirira. Mulungu amayesa amene amawakonda. Chuma cha pansi pano ndi fumbi. Wopirira mphotho yake ndi yaikulu."

Zahur anawayang'ana ndi diso lake labwino, sopo ali tsaya limodzi. Anatsegula pakamwa, n'kutulutsa chitukwano choti sindingachibwereze pano, chokhudza fumbi limenelo ndi mayi ake a fumbilo. Anabwereza kachiwiri, mokweza. A shehe anasiya dzanja lija ngati lotentha.

"Mulungu atikhululukire. Mwana wanga, auze amuna ako aope Mulungu, ali pakhomo pa manda."

Tabassum anadula ulusi ndi mano, osadzuka pamene anakhala.

"Asiyeni, a shehe. Anapirira kale, ndi uyo mukumuonayo. Zaka zonsezi ankangomeza n'kumathokoza. Asiyeni alavule."

A shehe anamaliza tiyi wawo mwamsanga n'kutsanzika. Ine ndinapitiriza kumeta. Nditafika pachibwano ndinamunong'oneza kuti, "Nanga Seth Kalicharan?" Anatulutsa china chachitali kuposa choyamba chija, chofika mpaka kwa agogo ake a Seth, ndipo mbali yamoyo ya pakamwa pake inaseka. Inenso ndinaseka mpaka lumo kunjenjemera, Tabassum naye anaseka atabisa nkhope m'mpango.

Nuzhat yekha sanaseke, sanadzutsenso mutu. Nsalu imene ankasoka inali ya mkwatibwi wa Lamlungu, ndipo wamalonda anali atanena kuti ikachedwa adula malipiro.